Kubwezeretsa seva yomwe yagwa mu cluster ya MariaDB Galera

Galera ndi njira yochititsa maseva angapo a database ya MariaDB kusunga deta yofanana, ndipo gulu la maseva otere limatchedwa cluster. Mu cluster ya Galera yokhala ndi maseva atatu, kugwa kwa seva imodzi si ngozi yaikulu, chifukwa awiri otsalawo amapitiriza kulandira ndi kusunga deta ngati kuti palibe chachitika. Chimene chimawononga zinthu kawirikawiri ndi zomwe munthu amachita pofuna kuibwezeretsa mwachangu: kuyambitsa cluster yatsopano pa seva yolakwika, kufufuta mafayilo asanawakopere pena, kapena kuzimitsa maseva amoyo poganiza kuti onse akadzukira limodzi zinthu zikhala bwino. Malangizo awa alembedwa chifukwa zolakwika zomwezi zikungobwerezedwa. Akukhudza MariaDB 10.4 ndi zina zotuluka pambuyo pake, zomwe zimagwiritsa ntchito Galera 4, pa Linux yoyendetsedwa ndi systemd. Zambiri mwa izi zimagwiranso ntchito pa Percona XtraDB Cluster, ngakhale kuti mayina a malamulo ena ndi osiyana.

## Yambani ndi maseva amoyo

Musanakhudze seva yomwe yagwa, dziwani kaye ngati cluster ikadali moyo. Lowani pa seva iliyonse yomwe ikuyankha, mulembe `SHOW GLOBAL STATUS LIKE 'wsrep_%';` ndipo pa mndandanda wautali umene utuluke muyang'ane mizere inayi:

- `wsrep_cluster_status` iyenera kuonetsa `Primary`, kutanthauza kuti sevayo ili m'gulu lomwe lili ndi mphamvu yolandira zolemba.
- `wsrep_cluster_size` ndi chiwerengero cha maseva omwe akuonana pakali pano.
- `wsrep_local_state_comment` iyenera kuonetsa `Synced`.
- `wsrep_last_committed` ndi nambala ya transaction yomaliza imene sevayo yasunga.

Ngati pali seva ngakhale imodzi yomwe ikuonetsa `Primary`, lamulo lokhalo lofunika pa seva yogwayo ndi `systemctl start mariadb`. Musalembe `galera_new_cluster` pamenepo. Lamulo limeneli limabala cluster yachiwiri ya seva imodzi, ndipo mapulogalamu akayamba kulemba mbali zonse ziwiri, mudzakhala ndi mbiri ziwiri za deta zimene Galera siingathe kuziphatikiza.

Musanayatse, koperani pena log ya zolakwika ndi fayilo ya `grastate.dat`, momwe Galera imalemba pomwe sevayo inalekezera, yomwe imakhala mu `/var/lib/mysql` ngati simunasamutse malo osungira deta. Pa seva yomwe yagwa mwadzidzidzi, m'fayiloyo mumapezeka mizere yonga iyi:

```
seqno:   -1
safe_to_bootstrap: 0
```

Nambala ya -1 isakuopseni. Galera imailemba choncho nthawi yonse imene seva ikuyenda, ndipo imaikapo nambala yeniyeni ya transaction yomaliza pokhapokha seva ikazimitsidwa mwadongosolo.

Seva yobwerera imalandira zomwe inaphonya m'njira imodzi mwa ziwiri. IST imatumiza zolembedwa zokhazo zomwe zinachitika sevayo ili pansi, kuchokera m'nkhokwe yotchedwa gcache ya seva yopereka, ndipo imatha msanga. SST imakopera deta yonse, ndipo imayamba ndi kufufuta zomwe zinali pa seva yolandira. Kumbukirani mfundo yomalizayi nthawi zonse: chilichonse chomwe chili pa seva yogwayo chokha chimapita SST ikayamba.

## Chizindikiro 1: Seva ikukana kudzuka, log ikunena kuti "failed to reach primary view"

Seva imadikira masekondi 30 kuti ipeze gulu la `Primary`, ndipo ikalephera imazima yokha. Zoyambitsa, kuyambira chofala kwambiri:

1. Firewall yatseka ma port. Izi zimachitika makamaka pa seva yomwe yaikidwa Linux yatsopano, kapena pomwe malamulo a firewall anaikidwa pamanja osasungidwa, n'kutayika seva itazima. Galera imafuna port 4567 yolankhulirana, 4568 ya IST, 4444 ya SST, ndi 3306 ya mapulogalamu. Kuchokera pa seva yogwayo yesani `nc -zv` pa adiresi ya seva yamoyo ndi port 4567. Tsegulani ma port onse anayi mbali zonse ziwiri, chifukwa pa SST ndi IST seva yopereka ndi yomwe imalumikiza kwa yolandira.
2. Adiresi kapena dzina la cluster ndi lolakwika. Yerekezani `wsrep_cluster_address` ndi `wsrep_cluster_name` ndi zomwe zili pa seva yamoyo. Ngati IP ya seva yasintha, konzaninso `wsrep_node_address`. Mukapeza `gcomm://` yopanda adiresi iliyonse patsogolo pake, ikonzeni musanayatse, chifukwa imachita zofanana ndi `galera_new_cluster` nthawi iliyonse seva ikadzuka.
3. Palibe gulu la `Primary` kulikonse. Pamenepa vuto si la seva imodzi. Pitani ku chizindikiro 4 kapena 5.
4. SELinux kapena AppArmor ikuletsa. Pa makina a mtundu wa Red Hat onani `ausearch -m avc -ts recent`. Mukhoza kulemba `setenforce 0` kwa kanthawi kuti mutsimikize, koma mukatsimikiza bwezerani ndipo mukonze policy yake.
5. Satifiketi ya TLS yatha, kapena wotchi ya seva yasokonekera. Seva yomwe batire la pa motherboard latha imatha kudzuka ili m'chaka china, ndipo satifiketi yabwinobwino imakanidwa. Lamulo la `timedatectl` likuonetsani zimenezi.

## Chizindikiro 2: SST imayamba koma imadukira panjira

Apa ndi pomwe anthu amataya usiku wonse, chifukwa kuyesa kulikonse kumatenga nthawi yaitali ndipo log ya seva yolandira imangonena kuti SST yalephera osafotokoza chifukwa. Chifukwacho nthawi zambiri chimalembedwa ku seva yopereka. Ngati mukugwiritsa ntchito mariabackup, werengani `mariabackup.backup.log` kwa yopereka, ndi `mariabackup.prepare.log` komanso `mariabackup.move.log` kwa yolandira. Musayesenso kachitatu musanawerenge mbali zonse ziwiri.

1. systemd yatopa kudikira n'kupha seva. Chizindikiro chake n'chakuti SST imafa patapita nthawi yofanana ulendo uliwonse, ndipo `journalctl -u mariadb` imaonetsa mawu akuti "start operation timed out". MariaDB imatha kupempha systemd kuti iwonjezere nthawi, koma izi zimatheka kuyambira pa systemd 236 yokha. Lembani `systemctl edit mariadb` n'kuikamo izi:

```
[Service]
TimeoutStartSec=infinity
```

   Pa systemd yakale kuposa 229 lembani 0 m'malo mwa `infinity`.

2. Disiki yadzaza. Onani `df -h` ndi `df -i` pa seva yolandira. Malo ayenera kuposa deta ya seva yopereka, ndipo musaiwale gcache ndi ma binary log. Nthawi zina disiki yosungira deta imakhala kuti siinalumikizidwe seva itadzuka, ndiye SST ikulembera pa disiki yaing'ono ya Linux. Lamulo la `findmnt /var/lib/mysql` likuuzani zoona.
3. Dzina kapena password ya SST ndi yolakwika. `wsrep_sst_auth` imagwiritsidwa ntchito pa seva yopereka, choncho kuikonza pa yolandira yokha sikuthandiza. Akaunti yake ikhale ndi RELOAD, PROCESS, LOCK TABLES ndi BINLOG MONITOR, yomwe isanafike MariaDB 10.5 inkatchedwa REPLICATION CLIENT.
4. Pulogalamu ina ikusowa kapena yasiyana ndi ya anzake. mariabackup imafuna `socat` mbali zonse. Seva yomangidwanso mwatsopano imatha kulandira MariaDB yatsopano kuposa ya anzake ngati munaiwala kutchula mtundu womwe mukufuna. Yerekezani zotsatira za `mariadbd --version` pa maseva onse, ndipo muike mtundu wofanana musanayesenso.
5. Zotsalira za SST yoyamba zikugwirabe port 4444. Lembani `ss -ltnp` muone ngati rsync kapena socat ikadalipo. Iphani pa seva yolandira yokha, MariaDB itazima.
6. Seva yopereka ikutumiza ku adiresi yolakwika. Izi zimachitika pa seva ya makhadi awiri a netiweki kapena yomwe ili kuseri kwa NAT. Ikani `wsrep_sst_receive_address`, ndiponso `ist.recv_addr` ya IST.

Ngati mukufuna kusankha seva yopereka, lembani dzina lake mu `wsrep_sst_donor`, ndipo muike kachizindikiro ka `,` kumapeto kwa dzinalo kuti ngati iyo palibe, ina ilowe m'malo. Popanda kachizindikiro kameneka, seva yolandira imakana kutenga kwa wina aliyense.

## Chizindikiro 3: Seva imakopera deta yonse ngakhale inazima kanthawi kochepa

Seva imabwerera ndithu, koma patapita maola, pomwe inangozima mphindi makumi awiri.

1. gcache ndi yaing'ono. Kukula kwake kukasiyidwa osasinthidwa ndi 128 MB, ndipo zolembedwa zatsopano zimafufuta zakale mozungulira. Pa seva yamoyo onani `wsrep_local_cached_downto`: ngati nambala imeneyi ndi yaikulu kuposa pomwe seva yogwayo inalekezera, IST siingatheke kuchokera kwa iyo. Yang'anani maseva onse amoyo, chifukwa wina akhoza kukhala ndi mbiri yotalikirapo, ndipo ameneyo ndiye woyenera kupereka.
2. Seva yopereka nayonso inazimitsidwa posachedwa ndipo gcache yake inayamba yopanda kanthu. Onetsetsani kuti `gcache.recover` ili `yes`.
3. Seva inagwa pakati pa kusintha kapangidwe ka tebulo, monga ALTER TABLE. Pamenepo `uuid` ya mu `grastate.dat`, nambala yozindikiritsa cluster, imakhala ma ziro okhaokha, ndipo palibe kuchitira mwina koma SST.
4. Wina anafufuta `grastate.dat`. Iyi ndi njira yodziwika yokakamizira SST, koma ena amaichita mwachizolowezi ngakhale pomwe sipafunika.

Kuti mudziwe kukula koyenera kwa gcache, phatikizani `wsrep_replicated_bytes` ndi `wsrep_received_bytes` pa nthawi yotanganidwa, dikirani masekondi 60, muphatikizenso, ndipo kusiyana kwake mugawe ndi 60. Tiyerekeze kuti mwapeza 200 KB pa sekondi. Pa liwiro limeneli 128 MB imadzaza m'mphindi pafupifupi 11, pomwe kusintha disiki kapena kudikira magetsi kumatenga maola. Kuti musunge zolembedwa za maola anayi mufunika pafupifupi 2.9 GB, choncho `gcache.size=4G` ndi yokwanira bwino. Ine ndimaona kuti ndi bwino kupyoza kusiyana n'kupereweza, popeza malo a pa disiki ndi otchipa poyerekeza ndi SST ya masana anthu ali pa ntchito. Kusinthaku kumafuna kuzimitsa ndi kuyatsanso seva, imodzi imodzi, kudikira `Synced` musanapite kwa ina. Samalaninso kuti zonse za `wsrep_provider_options` zikhale pa mzere umodzi, chifukwa mukalemba mizere iwiri, wachiwiri umafufuta woyamba mwakachetechete.

## Chizindikiro 4: Seva ikuyenda koma ikuyankha kuti "WSREP has not yet prepared node for application use"

Uwu ndi uthenga wa nambala 1047. Seva ili moyo, koma ikukana kutumikira chifukwa siikutsimikiza kuti deta yake ndi yolondola.

1. Ikadalandira deta. Ngati `wsrep_local_state_comment` ikuonetsa `Joining`, ingodikirani.
2. Maseva awiri mwa atatu agwa mwadzidzidzi. Gulu limakhala `Primary` likakhala ndi oposa theka la omwe analipo. Seva ikazimitsidwa mwadongosolo imatsanzika, ndipo otsalawo amawerenganso chiwerengero chawo. N'chifukwa chake mutha kuzimitsa awiri motsatizana wachitatu n'kupitirizabe ntchito. Koma awiri akangosowa osatsanzika, wotsalayo sadziwa ngati afa kapena ndi iye amene wadukidwa, ndipo amasiya kulandira zolemba.
3. Netiweki yaduka pakati pa maseva. Seva yomwe yakhala chete masekondi 5 imayamba kukayikiridwa ndi anzake, ndipo pofika masekondi 15 imakhala itachotsedwa. Netiweki ikabwerera, gulu limalumikizananso lokha.
4. Cluster ndi ya maseva awiri okha. Theka si oposa theka, choncho netiweki ikaduka onse awiri amaima. Mankhwala ake ndi seva yachitatu, kapena `garbd`, kapulogalamu komwe kamavota nawo koma sikasunga deta.

Ngati mwatsimikiza kuti maseva enawo ndi ozima ndithu, mutha kudzutsa wotsalayo ndi lamulo ili:

```
SET GLOBAL wsrep_provider_options='pc.bootstrap=YES';
```

Kutsimikiza kumatanthauza kuona ndi maso, kapena kudzera pa console ya makinawo, kuti MariaDB siikuyenda kumeneko. Kulephera kwa `ping` si umboni, chifukwa ndi zomwenso zimaoneka netiweki ikaduka awiri enawo akutumikira anthu mbali inayo. Ngati maseva awiri kapena atatu ali `non-Primary` nthawi imodzi, lembani lamuloli pa mmodzi yekha, amene ali ndi `wsrep_last_committed` yaikulu kuposa onse.

## Chizindikiro 5: Maseva onse ali pansi, ndipo log ikuti "It may not be safe to bootstrap the cluster from this node"

Kwathu kuno choyambitsa chachikulu ndi magetsi: maseva atatu ali m'chipinda chimodzi pa UPS imodzi, magetsi athima, jenereta yachedwa kulira, mabatire atha. Zina ndi kugwa kwa makina amodzi omwe amanyamula maseva onse atatu ngati ma virtual machine, kapena kudzaza kwa malo osungira omwe onse amagawana. Chosowa kwambiri ndi kuzimitsa kwadongosolo kumene palibe analemba kuti womaliza kuzima anali uti.

Nkhani yomalizayi ndi yosavuta: seva yomwe ili ndi `safe_to_bootstrap: 1` ndiyo inazima pomaliza, ndipo ndi pomwe mulembe `galera_new_cluster`.

Onse akagwa nthawi imodzi, yambani ndi kuwayatsa onse n'kudikira pang'ono. Seva iliyonse imasunga fayilo ya `gvwstate.dat` yokhala ndi mayina a gulu lomaliza, ndipo onse a m'gululo akaonananso amadzutsa cluster okha. Mmodzi akasowa, kapena zikakanika, tsatirani ndondomeko iyi osadumpha:

1. Tsekani njira ya mapulogalamu pa load balancer, yomwe imagawa mapulogalamu ku maseva, kaya ndi HAProxy, MaxScale kapena ProxySQL, kuti pasalowe cholemba chilichonse.
2. Zimitsani MariaDB pa maseva onse, ndipo mutsimikize ndi `ps` kuti palibe `mariadbd` yotsala (pa MariaDB 10.4 dzina lake ndi `mysqld`).
3. Ngati malo alipo, koperani `/var/lib/mysql` yonse ya seva iliyonse, kapena jambulani snapshot.
4. Pa seva iliyonse lembani `galera_recovery`, kapena `mariadbd --wsrep-recover --user=mysql` n'kufufuza mzere wa "Recovered position" mu log. Mupeza `uuid` ndi nambala ya transaction yomaliza kumapeto kwake.
5. Lembani manambala atatuwo papepala. Ngati ndi 884210, 884213 ndi 884213, woyenera ndi aliyense mwa awiri omalizawo, osati woyambayo.
6. Pa seva yosankhidwayo yokha, sinthani `safe_to_bootstrap` kukhala 1, kenako mulembe `galera_new_cluster`.
7. Mukaona `Primary` ndi `Synced`, yatsani yachiwiri ndi `systemctl start mariadb`. Yachitatu idikire mpaka yachiwiri ifike pa `Synced`.

Uthenga wa mu log uja umafotokoza momwe mungasinthire 0 kukhala 1, ndipo ambiri amangochita zimenezo pa seva yomwe ayamba kulowamo. Ndinaonapo ofesi ina pomwe anadzutsa cluster kuchokera pa seva imene inali itagwa kuyambira Lachisanu, popeza ndi yomwe inkatchedwa yoyamba. Awiri enawo atalephera kulowa, munthuyo anawafufutira `grastate.dat`, iwo anakopera deta yakaleyo momvera, ndipo malipiro onse a kumapeto kwa sabata anafufutika pa maseva onse atatu popanda uthenga uliwonse wochenjeza. Pa sitepe yachisanu itanani mnzanu awerengenso manambalawo musanapitirize. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri.

## Chizindikiro 6: Seva imabwerera, n'kugwanso patapita kanthawi

Yang'anani mizere yomaliza ya log isanagwe kachiwiri, komanso `journalctl -k`.

1. Memori yatha ndipo Linux yapha MariaDB. Mu `journalctl -k` mumapezeka mawu akuti "Out of memory". Izi ndi zofala pa seva yolowa m'malo yomwe ili ndi memori yochepa koma inakoperedwa `innodb_buffer_pool_size` ya anzake. Chepetsani nambalayo kuti igwirizane ndi makinawo.
2. Deta yake yasiyana ndi ya anzake. Log imaonetsa cholakwika 1032, chosonyeza kuti mzere wofunika kusinthidwa sukupezeka, kapena 1062, chosonyeza kuti mzere wofunika kuikidwa ulipo kale. Kuyambira MariaDB 10.5 maseva amavota, ndipo wosiyana ndi anzake amachotsedwa n'kuonetsa `Inconsistent`. Pa mitundu yakale seva imangodzizimitsa. Kukonza kwake ndi kuzimitsa sevayo, kusamutsa `grastate.dat`, ndi kulola SST. Koma fufuzaninso gwero, apo ayi zibwereranso:
   - matebulo a MyISAM kapena Aria, omwe zolembedwa zake sizitumizidwa kwa ena pokhapokha mutakonza mwapadera;
   - matebulo opanda primary key;
   - wina amene analemba pa seva imodzi ataika `wsrep_on=OFF`;
   - kusintha kwa tebulo kwa njira ya RSU (yosintha seva imodzi yokha pa nthawi) komwe kunachitika pa maseva ena n'kuiwalika pa ena.
3. Netiweki ikudukaduka. Log imadzaza ndi mauthenga a kusintha kwa gulu, ndipo `wsrep_cluster_conf_id` imakwera mwachangu. Onani `wsrep_evs_delayed`, chingwe, ndi port ya pa switch. Seva yolowa ndi kutuluka motere imaimitsa zolemba za onse pa kusintha kulikonse, choncho ndi bwino kuizimitsa mpaka netiweki ikonzedwe.
4. Disiki kapena memori yawonongeka. Mauthenga a InnoDB onena za page yowonongeka, kapena zolakwika za I/O mu log ya kernel, amaloza kuno. Onani `smartctl -a` ndi mmene RAID ilili. Musavutike ndi `innodb_force_recovery` pamene pali maseva amoyo: sinthani chipangizo chowonongekacho, ndipo deta ibwere ndi SST.

## Chizindikiro 7: Seva ikamabwerera, cluster yonse imachedwa kapena kuima

1. SST ikuchitika ndi rsync. Imeneyi ndi njira yomwe MariaDB imagwiritsa ntchito mukapanda kusankha ina, ndipo imatseka zolemba pa seva yopereka mpaka kukopera kuthe. Ngati load balancer ikutumizabe anthu kumeneko, amangoona pulogalamu itaima. Sinthirani ku `wsrep_sst_method=mariabackup` pa maseva onse, ndipo load balancer iziyang'ana `wsrep_local_state`, osati kungoona kuti port 3306 ikuyankha.
2. Seva yobwererayo ikulephera kuyenda limodzi ndi anzake. Mzere wake wa zodikira ukatalika, imauza gulu lonse kuti liyembekezere. Seva yomwe `wsrep_flow_control_sent` ikukwera ndiyo yochedwetsa, ndipo `wsrep_flow_control_paused` ikayandikira 1 ndiye kuti cluster ikukhala yoima pafupifupi nthawi yonse. Musaitumizire mapulogalamu mpaka `wsrep_local_recv_queue` itsike pafupi ndi 0, ndipo kwezani `wsrep_slave_threads` ngati ikadali pa 1.
3. RAID ikudzimanganso, kapena batire la controller latha ndipo kulemba kwayamba kupita pa disiki mwachindunji. Izi zimatsatira kuthima kwa magetsi kawirikawiri. Seva yotere ikhoza kudikira panja mpaka RAID itsirize.
4. Seva yopereka ili kutali. Pa cluster ya malo awiri, ikani `gmcast.segment` yosiyana pa malo aliwonse kuti seva izikonda kutenga deta kwa mnzake wapafupi.

## Nthawi yoti muime n'kuitana katswiri

Zindikirani kusiyana kwa mitundu iwiri ya mavuto. Pamene pali gulu la `Primary` la maseva awiri abwino, mutha kuyesa ndi kulakwitsa pa seva yogwayo momwe mungafunire, popeza choipitsitsa chomwe chingachitike ndi SST ina. Pamene deta yolondola yatsala pamalo amodzi okha, kapena simukudziwa kuti ili pati, lamulo lililonse likhoza kukhala losabwezeka. Imani, musayatse china chilichonse, ngati:

- maseva awiri akuonetsa `Primary` koma aliyense ali ndi `wsrep_cluster_size` yakeyake, kapena `wsrep_cluster_state_uuid` yawo yasiyana, ndipo mbali zonse zalandira zolemba;
- seva yomwe mukuiganizira kuti ili ndi nambala yaikulu ndi yomwe disiki yake yafa kapena ikukana kudzuka;
- `galera_recovery` ikubweza -1 kapena ma ziro pa maseva onse;
- InnoDB ikunena za kuwonongeka pa seva yamoyo yokhayo yomwe yatsala;
- mwazindikira kuti munadzutsa cluster pa seva yolakwika, ndipo pali seva ina yomwe siinalowebe: imeneyo ikhoza kukhala yokhayo yosunga deta yonse, choncho lembani `systemctl mask mariadb` pa iyo kuti isadzuke yokha;
- matebulo ndi obisidwa ndi encryption ndipo makiyi ake sakupezeka pa seva yomangidwanso;
- palibe backup yomwe munaiyesapo kubwezeretsa, ndipo chotsatira chomwe mukufuna kuchita ndi kufufuta kanthu.

Pa vuto loyambalo, chokhacho chomwe muyenera kuchita nokha ndi kutseka zolemba mbali zonse pa load balancer ndi kulemba nthawi yomwe mwatsekera. Kuphatikiza mbiri ziwiri za deta ndi ntchito ya manja, yoyerekeza ma binary log mzere ndi mzere, ndipo imafuna wodziwa database pamodzi ndi wodziwa zomwe deta imeneyo imatanthauza ku bungwe lanu.

Poyembekezera katswiriyo, mukonzereni log ya zolakwika ya seva iliyonse kuyambira ola limodzi vuto lisanayambe, `grastate.dat` ndi `gvwstate.dat` za maseva onse monga zinalili musanazikhudze, mafayilo a makonzedwe mutafufutamo ma password, zotsatira za `galera_recovery`, tsiku ndi malo a backup yomaliza, ndiponso mndandanda wa malamulo onse omwe mwalemba kale, motsatana ndi nthawi yake, kuphatikizapo omwe mukuchita nawo manyazi.